Kusintha port ya pulogalamu ya pa intaneti: njira iti ikuyenera vuto liti?

Uthenga umene umafikitsa anthu ambiri pa nkhaniyi ndi waufupi kwambiri. Wolemba mu Node amauona ngati `EADDRINUSE`, wa Python amawerenga kuti `Address already in use`, ndipo wa Spring Boot amauzidwa kuti `Port 8080 was already in use`. Onsewa akumva chinthu chimodzi: pulogalamu yapempha port (nambala ya khomo limene imalandirirapo mauthenga a pa network) imene ina yaitenga kale, ndiye kompyuta yakana. Manambala a port alipo kuyambira 1 mpaka 65535, koma opanga mapulogalamu anaunjikana pa ochepa okha. Tomcat, Jenkins ndi Spring Boot onse amadzukira pa 8080. Rails, Next.js ndi Grafana amafuna 3000. Django, Laravel ndi Gunicorn ali pa 8000, Flask ali pa 5000. Mukaika awiri a gulu limodzi pakompyuta imodzi, sangalephere kukangana.

Musanasinthe kalikonse, dziwani kaye amene wakhala pa nambalayo. Pa Linux lembani `sudo ss -ltnp`, pa Mac `lsof -i :8080`, pa Windows `netstat -ano | findstr :8080` kenako mukafufuze PID (nambala imene makina apatsa pulogalamu yoyenda) imene yatuluka mu Task Manager. Kawirikawiri mupeza kuti ndi pulogalamu yanu yomwe, imene munaiyatsa m'mawa pa terminal ina n'kuisiya ikuyenda. Pamenepo palibe chosintha, ingoizimitsani. Nthawi zina ndi chinthu cha makina enieniwo. Kuyambira pa macOS Monterey ya 2021, AirPlay Receiver imakhala pa 5000 ndi 7000, n'chifukwa chake a Flask ambiri pa Mac amadabwa kuona port yotengedwa asanayatse kanthu. Pa Windows, mukaona PID 4 itagwira port 80, ameneyo ndi System, ndipo nthawi zambiri kumbuyo kwake kuli IIS, seva ya webusayiti ya Microsoft, kapena chinthu china chodalira http.sys. Simungamuphe ngati pulogalamu wamba. Muzimitse service imene yamutuma, apo ayi musamuke ndinu.

Mukatsimikiza kuti kusintha n'kofunikadi, funso lalikulu si lakuti musankhe nambala yanji. Ndi lakuti nambalayo mukailembe pati. Malo alipo angapo: pa lamulo loyatsira, m'fayilo ya makonzedwe, m'kati mwa code, mu environment variable, pa Docker, kapena pa seva ina yoima kutsogolo. Ndipo anthu amene amati "ndikufuna kusintha port" sadwala nthenda imodzi. Wina wangokumana ndi mkangano palaputopu, wina akufuna mapulogalamu awiri pa seva imodzi, wina watopa kuti makasitomala azilemba `:8080` kumapeto kwa adiresi. Mankhwala a woyambayo akhoza kumuvulaza wachitatuyu.

Pa lamulo loyatsira

Iyi ndiyo yachangu, ndipo palaputopu ndiyo ndimayamba nayo. Django amamva `python manage.py runserver 8001`, Flask `flask run --port 5001`, Rails `rails server -p 4000`, Laravel `php artisan serve --port=8081`, Angular `ng serve --port 4300`, ndipo fayilo ya jar ya Spring Boot imalandira `--server.port=9090`. Simukhudza fayilo iliyonse, anzanu a pa Git sadziwa n'komwe, ndipo mukatseka terminal zonse zabwerera mwakale.

Ubwino wakewo ndiwo kuipa kwake. Nambala imakhala m'mutu mwanu mokha. Magetsi akathima seva n'kudzuka yokha, pulogalamu ibwerera pa nambala yakale, pokhapokha lamulolo litalembedwa mu unit ya systemd (chida choyatsa ma service pa Linux) kapena mu script yoyatsira. Choncho njirayi ndi ya lero ndi mawa, osati ya seva imene anthu akudalira.

Pali kachizolowezi kena koyenera kukadziwa. Zida zina sizidandaula zikapeza nambala yatengedwa, zimangodumphira pa yotsatira. Vite akapeza 5173 ili ndi mwini amapita pa 5174, `php artisan serve` amachoka pa 8000 kupita pa 8001, Jupyter naye amachoka pa 8888 chimodzimodzi. Zimaoneka zachifundo, koma munthu amatsegula tsamba lakale pa 5173, amasintha code, saona kusintha, n'kuyamba kukayikira zimene walemba. Kwa Vite, ine ndimakonda kuyatsa `strictPort` kuti alephere poyera m'malo mosamuka mwakachetechete.

M'fayilo ya makonzedwe

Apa ndi pomwe maseva akuluakulu amayembekeza kuti mulembe. Spring Boot ali ndi `server.port` mu `application.properties`, Grafana ali ndi `http_port` mu `grafana.ini`, nginx ali ndi mzere wa `listen`. Nambala imakhazikika, seva ikadzukanso imaikumbukira, ndipo amene adzalowe m'malo mwanu akhoza kuipeza powerenga.

Vuto ndi lakuti nthawi zambiri nambalayo silembedwa pamalo amodzi. Tengani Tomcat, amene ambiri ogwira ntchito pa nkhani za umoyo amamudziwa chifukwa DHIS2 ndi OpenMRS zimayenda pa iye. Mukufuna ma Tomcat awiri pa seva imodzi, wina wa ntchito yeniyeni, wina woyeserera. Mutsegula `conf/server.xml` ya wachiwiri, mupeza `Connector port="8080"`, musintha kukhala 8081, muyatsa. Mu log muona kuti 8081 yatsegulidwa bwinobwino, kenako Tomcat wagwa ndi uthenga womwe uja wa `Address already in use`. Chavuta chili pamwamba pa fayiloyo, pa mzere wa `Server port="8005"`. Imeneyo ndi port yolandirira lamulo lozimitsa, ndipo woyamba uja waigwira kale. Nayonso iyenera kusintha, tinene 8006. Ngati connector ya AJP ya pa 8009, yolumikizira Tomcat ndi seva ina monga Apache, ndi yotsegula, nayo isinthe, ngakhale kuti kuyambira 2020, litadziwika bowo lotchedwa Ghostcat, Tomcat amabwera itatsekedwa kale. Muonenso `redirectPort="8443"` ngati muli ndi HTTPS pa Tomcat pomwepo.

Apache naye ali ndi malo awiri. Pa Ubuntu ndi Debian, `Listen 80` ali mu `/etc/apache2/ports.conf`, koma webusayiti iliyonse ili ndi mzere wake wa `VirtualHost *:80` mu `sites-available`. Mukasintha woyamba okha, Apache adzuka pa nambala yatsopano koma sadziwa kuti apereke webusayiti iti, ndiye mlendo aona tsamba lolakwika. Ophunzira ambiri amakumana ndi Apache koyamba kudzera mu XAMPP pa Windows. Kumeneko mzere wa `Listen 80` ndi wa `ServerName localhost:80` ili mu `httpd.conf`, ndipo 443 ili payokha mu `httpd-ssl.conf`. Apache akhoza kukanabe kudzuka mutasintha 80, chifukwa amene watengedwa ndi 443.

Chinanso chondidetsa nkhawa ndi njirayi ndi Git. Mukasintha `application.properties` chifukwa laputopu yanu ili ndi Jenkins pa 8080, n'kuitumiza pamodzi ndi ntchito ina, vuto la kompyuta yanu lasanduka makonzedwe a gulu lonse, mwina mpaka pa seva. Fayilo ya makonzedwe ndi malo abwino a nambala yokhazikika imene onse agwirizana. Si malo a nambala ya munthu mmodzi.

M'kati mwa code

Sindichedwapo, chifukwa sindiona pomwe njirayi imapambana zinzake. Nambala yolembedwa mu `app.listen` kapena mu `app.run` imafuna kuti musinthe code, muimangenso, muitumizenso, pofuna kungosuntha port. Ndipo nthawi zina siimveka n'komwe. Mukalemba `port=5001` mu `app.run` ya Flask koma n'kuyatsa ndi `flask run` kapena ndi Gunicorn, mzerewo suwerengedwa, ndipo pulogalamu idzuka pa nambala ina. Malo okha amene nambala ingakhale mu code ndi ngati yogwera, yogwira ntchito pamene palibe wanena kanthu.

Environment variable

Environment variable ndi kauthenga kokhala ndi dzina kamene makina amapatsa pulogalamu ikamadzuka. Ngati pulogalamuyo mukulemba ndinu, iyi ndiyo ndingakulimbikitseni. Code imafunsa makina kuti "ndikhale pa nambala yanji?", ndipo ikapanda kuyankhidwa imatenga yogwera ija. Mu Node ndi kamzere kamodzi, `process.env.PORT || 3000`. Rails amabwera nazo kale mu `config/puma.rb`. Spring Boot amamva `SERVER_PORT`, Flask `FLASK_RUN_PORT`, Grafana `GF_SERVER_HTTP_PORT`, ASP.NET Core `ASPNETCORE_URLS`. Code imakhala imodzi, koma laputopu, seva yoyeserera ndi seva yeniyeni iliyonse ili ndi nambala yake, popanda kukangana pa Git.

Maganizowa anafala ndi chikalata cha Twelve-Factor App chimene Adam Wiggins wa ku Heroku analemba mu 2011, ndipo lero makampani ambiri osunga mapulogalamu sakupatsani mpata wosankha. Heroku amaika yekha nambala mu `PORT` nthawi iliyonse pulogalamu ikamadzuka, ndipo ikapanda kumvetsera pamenepo m'nthawi yake amaizimitsa. Google Cloud Run naye amatumiza `PORT`, nthawi zambiri 8080. Pulogalamu imene inakhomerera 3000 mu code imayenda bwino palaputopu koma kumeneko siifika patali.

Pa seva ya Linux, malo abwino olembamo variable ndi systemd. Lamulo la `sudo systemctl edit dzina-la-service` limatsegula kafayilo kowonjezera kamene sikafufutika pulogalamu ikakwezedwa. Jenkins wa masiku ano amasinthidwa chomwechi: pansi pa mutu wa Service mulemba `Environment="JENKINS_PORT=8081"`, kenako muyatsenso. Kusintha fayilo yeniyeni imene inabwera ndi phukusi n'kutaya nthawi, chifukwa kukweza kotsatira kukhoza kuibwezeretsa mwakale.

Misampha ilipo iwiri. Woyamba ndi fayilo ya `.env`. Ambiri amaganiza kuti chilichonse cholembedwa mmenemo ndi environment variable, pamene ndi fayilo wamba imene pulogalamu iyenera kuiwerenga yokha. Next.js amanena poyera kuti `PORT` singaikidwe mu `.env`, chifukwa seva yake imadzuka fayiloyo isanawerengedwe; muyenera kulemba `PORT=4000` kutsogolo kwa lamulo kapena kugwiritsa ntchito `-p 4000`. Wachiwiri ndi wakuti nambala ikalembedwa malo angapo, wina amapambana. Kwa Spring Boot, lamulo loyatsira limaposa `-Dserver.port`, imeneyo imaposa environment variable, ndipo variable imaposa `application.properties`. Ngati mwasintha fayilo katatu koma pulogalamu ikudzukabe pa nambala yakale, musaisinthenso kachinayi. Kaoneni unit ya systemd, Dockerfile kapena script yoyatsira. Alipo amene akuiposa mphamvu.

Docker: pulogalamu osaikhudza n'komwe

Mu container, kabokosi kapadera kamene Docker amayendetseramo pulogalamu, mkangano uja umatha wokha, chifukwa container iliyonse ili ndi ma port akeake. Ma Tomcat asanu akhoza kukhala onse pa 8080 m'kati, inu n'kungowapatsa manambala osiyana kunja: `-p 8081:8080`, `-p 8082:8080`. Ya kumanzere ndi ya kompyuta yanu, ya kumanja ndi ya m'kati. Pa pulogalamu imene simunalembe ndinu, palibe njira yaukhondo kuposa iyi. Mzere wa `EXPOSE` mu Dockerfile usakupusitseni, sutsegula kanthu. Umangodziwitsa owerenga nambala imene pulogalamu ikuyembekezeka kukhalapo.

Zofunika kusamala ndi izi. Pulogalamu ya m'kati iyenera kumvetsera pa `0.0.0.0`, osati pa `127.0.0.1`. Django ndi Flask mwachibadwa amamvetsera pa `127.0.0.1`, ndipo mu container adiresi imeneyo ndi ya container yokhayo, choncho `-p` yanu ikhala yolondola koma browser sipeza kanthu. Nambala ya kumanja nayo ikhoza kusintha pansi panu image (phukusi lopangira container) ikakwezedwa. Microsoft atatulutsa .NET 8 mu 2023 anasamutsa ma image a ASP.NET Core kuchoka pa 80 kupita pa 8080, ndipo aliyense amene anali ndi `-p 5000:80` anayenera kukonza.

Chachikulu koposa ndi firewall. Docker amalemba malamulo ake mu iptables, firewall ya m'kati mwa Linux, ndipo katundu wopita ku container amadutsa malamulo a ufw (chida chokonzera firewall) asanamuone. Munthu akhoza kukhala atatseka zonse pa ufw kupatula 22 ya SSH, 80 ndi 443, n'kuyatsa database ndi `-p 5432:5432`, osadziwa kuti PostgreSQL wake ali pamtunda, dziko lonse likumuona. Ngati chinthucho n'chongogwiritsidwa ntchito pa seva pomwepo, lembani `-p 127.0.0.1:8081:8080`. Kusiyana kwake ndi zilembo zochepa, koma kumeneko ndiko kumasiyanitsa chotsekedwa ndi chotsegula.

Pamene mukufuna 80 ndi 443

Browser ikapatsidwa adiresi yopanda nambala imapita pa 80 ngati ndi HTTP, pa 443 ngati ndi HTTPS. Ndiye amene akufuna kuti anthu azingolemba dzina la webusayiti ayenera kufika pa manambala awiriwa. Koma pa Linux ma port osafika 1024 ndi otetezedwa, ndipo pulogalamu wamba ikapempha 80 imayankhidwa kuti `EACCES` kapena `Permission denied`.

Yankho lofulumira limene ambiri amathamangira ndi `sudo`. Chonde musatero. Pulogalamu ya pa intaneti imalandira chilichonse chimene munthu wosadziwika watumiza, ndipo ikamayenda ngati root, mwini mphamvu zonse pa seva, bowo limodzi mu library imodzi limapereka seva yonse kwa wakuba: mafayilo, makiyi, ma database a mapulogalamu ena. Mtengo wotere ndi waukulu kwambiri pongofuna kuchotsa manambala anayi pa adiresi.

Pali njira zitatu zapakati. Yoyamba ndi kupatsa pulogalamu chilolezo chimodzi chokha chotchedwa `CAP_NET_BIND_SERVICE`. Ena amachita izi ndi `setcap` pa fayilo ya `node` kapena `python`, koma pamenepo script iliyonse yoyenda ndi fayiloyo yalandira chilolezo, chimafufutika mukakweza, ndipo pa Java chimakonda kusokoneza kapezedwe ka ma library ake. Kulemba `AmbientCapabilities=CAP_NET_BIND_SERVICE` mu unit ya systemd n'kwabwino kuposa, chifukwa chilolezo chimapita kwa service imodzi yokha. Yachiwiri ndi kutsitsa malire enieniwo ndi `net.ipv4.ip_unprivileged_port_start`, imene inabwera ndi Linux 4.11 mu 2017. Imathandiza mu container, koma pa seva ya anthu ambiri ndiye kuti aliyense akhoza kulanda 80. Yachitatu ndi kuuza iptables kuti zofika pa 80 azizikhotetsera ku 8080 ndi lamulo la `REDIRECT`. Zimagwira, koma lamulolo limabisala. Amene adzabwere pambuyo panu akalemba `ss -ltnp` saona aliyense pa 80, webusayiti ikuyenda, ndipo adzasowa poyambira. Komanso lamulo la mu PREROUTING silikhudza zochokera pa seva pomwepo, ndiye `curl localhost` imalephera pamene akunja akulowa bwinobwino.

Njira zonsezi zili ndi malire amodzi: port 80 ndi imodzi, 443 ndi imodzi. Tsiku limene mudzafune pulogalamu yachiwiri pa seva yomweyo, mwabwerera pomwe munayambira.

N'chifukwa chake pa chilichonse chimene anthu akunja adzagwiritse ntchito, ine ndimasankha reverse proxy. Pulogalamu imatsala pa 8080 yake, ikumvetsera pa `127.0.0.1` pokha, ndipo nginx, Apache, Caddy kapena HAProxy amaima kutsogolo pa 80 ndi 443 n'kumapatsira pulogalamuyo zimene zafika. Kwa nginx, maziko ake ndi awa:

```
server {
    listen 80;
    server_name example.com;
    location / {
        proxy_pass http://127.0.0.1:8080;
        proxy_set_header Host $host;
        proxy_set_header X-Forwarded-For $proxy_add_x_forwarded_for;
        proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme;
    }
}
```

Pulogalamu yachiwiri ikabwera, mumangowonjezera `server` ina yokhala ndi dzina lina, yoloza ku 8081. Satifiketi ya HTTPS imakhala malo amodzi. Let's Encrypt akamatsimikiza kuti dzinalo ndi lanu pogwiritsa ntchito njira ya HTTP-01 amagogoda pa port 80 basi, ndiye kukhala ndi seva yokhazikika pamenepo kumapeputsa ntchito yokonzanso satifiketi. Caddy amatenga ndi kukonzanso satifiketi yekha, ndipo kwa munthu amene ali yekha pantchito, ndi seva imodzi, ameneyu amachotsa mtolo waukulu.

Sindinganene kuti njirayi ndi yaulere. Mwawonjezera chinthu china choti chiziyang'aniridwa, ndipo pulogalamu tsopano ikuona ngati alendo onse akuchokera pa `127.0.0.1` kudzera pa HTTP wamba. Mizere itatu ya `proxy_set_header` ija ndiyo imaiuza zoona, koma nayo iyenera kuuzidwa kuti iziikhulupirira: `trust proxy` mu Express, `SECURE_PROXY_SSL_HEADER` mu Django, `server.forward-headers-strategy` mu Spring Boot. Mukaiwala, maulalo ake amatuluka ndi `http://` kapena ndi `:8080`, ndipo nthawi zina tsamba lolowera limangozungulira osatha. WebSocket imafuna mizere yake ya `Upgrade` ndi `Connection`. Ndipo nginx mwachibadwa amakana fayilo yoposa megabyte imodzi ndi nambala 413, kotero chithunzi cha pafoni chimakanidwa pulogalamu yanu isanachione; kwezani `client_max_body_size`. Zonsezi ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo mukaichita simubwereranso ku nkhani ya port kwa nthawi yaitali.

Zimene zimathyoka pambuyo pake

Kusintha port kuli ngati kusamutsa okala kupita kuseri kwa msika: katundu ndi yemweyo, koma onse amene anazolowera malo akale ayenera kuuzidwa. Woyamba kuuzidwa ndi firewall, ya pa seva ndi ya kampani yosunga seva, monga security group ya AWS. Pa Red Hat, Rocky ndi AlmaLinux palinso SELinux, mlonda wa chitetezo wa m'kati mwa makina, amene amalola Apache ndi nginx kumvetsera pa manambala ovomerezeka okha, monga olembedwa pansi pa `http_port_t`. Nambala yachilendo iyenera kuwonjezedwa ndi `semanage port`. Ndipo nginx akamabweza 502 pamene pulogalamu ya kumbuyo ili moyo, onani `httpd_can_network_connect` musanaganize zozimitsa SELinux yense.

Kwa browser, `localhost:3000` ndi `localhost:4000` ndi malo awiri osiyana kotheratu. Malamulo a CORS (onena webusayiti imene ikuloledwa kuwerenga mayankho a seva yanu) amene analola woyamba sadziwa wachiwiri, zosungidwa mu localStorage sizisamuka, ndipo adiresi yobwererako mukalowa ndi Google kapena GitHub iyenera kulembetsedwanso. Chodabwitsa n'chakuti ma cookie sasiyanitsa port. Mapulogalamu awiri a Django pa 8000 ndi 8001 onse amalemba cookie yotchedwa `sessionid` pa `localhost`, ndiye mukalowa mu imodzi, inayo yakutulutsani. Chimodzimodzi `JSESSIONID` pa ma Tomcat awiri aja. Mankhwala ake ndi kupatsa imodzi dzina lina la cookie kapena kuzipatsa mayina osiyana a host.

Mapulogalamu ena amasunga adiresi yawo yonse. WordPress amaisunga mu tebulo la `wp_options`, pa `siteurl` ndi `home`. Wophunzira wa XAMPP uja akasamutsa Apache kupita pa 8081, phpMyAdmin atseguka bwino pa `localhost:8081/phpmyadmin`, koma WordPress amubweza ku adiresi yakale yopanda nambala, kumene kulibe aliyense. Akonze mizere iwiriyo mu database, kapena alembe `WP_HOME` ndi `WP_SITEURL` mu `wp-config.php`, kenako ayesere pa window ya incognito, chifukwa browser imakumbukira kubwezedwa kwakaleko. Moodle ali ndi `wwwroot` mu `config.php` yochita zofanana.

Akunja nawo ali ndi malire awo. Telegram amatumiza webhook, uthenga wopita ku seva yanu, pa 443, 80, 88 ndi 8443 pokha. Cloudflare, pa proxy yake wamba, amadutsitsa ma port ochepa, monga 80, 8080 ndi 8880 pa HTTP, 443 ndi 8443 pa HTTPS, ndi ena owerengeka. Ma network ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu amatsekanso manambala achilendo, kotero webusayiti ya pa 9090 imatseguka pa data ya foni koma osati pa Wi-Fi ya kuntchito.

Nambala yeniyeniyo

Si nambala iliyonse yopanda mwini imene ili yabwino. IANA, bungwe losunga kaundula wa manambalawa, anagawa 0 mpaka 1023 kukhala za ma service odziwika, 1024 mpaka 49151 zolembetsedwa, ndipo zotsalazo ndi zobwereka kwakanthawi. Linux mwachibadwa amabwereketsa kuyambira 32768 mpaka 60999 kwa mapulogalamu amene akulumikiza kunja, ndiye service yoikidwa pa 40000 ikhoza tsiku lina kupeza nambala yake yabwerekedwa kwa mphindi imodzi, n'kulephera kudzuka popanda chifukwa chooneka. Pa Windows, Hyper-V amasunga magulu a manambala amene `netstat` sawaonetsa; muwaone ndi `netsh interface ipv4 show excludedportrange protocol=tcp`. Pewaninso za eni ake odziwika: 3306 ya MySQL, 5432 ya PostgreSQL, 6379 ya Redis, 27017 ya MongoDB. Ma browser nawo amakana ena mwadala. Chrome amabweza `ERR_UNSAFE_PORT` pa 6000, pa 6665 mpaka 6669, ndiponso pa 10080 kuyambira 2021, ngakhale `curl` ikutsegula bwinobwino. Pakati pa 8081 ndi 8999 nthawi zambiri mumapeza malo abata. Poyesa code, pemphani port 0 kuti makina akusankhireni yopanda mwini. Spring Boot amalola `server.port=0` pa chifukwa chomwechi.

Ena amasamutsa tsamba la admin kupita pa nambala yachilendo poganiza kuti alibisa. Phokoso la mu log limachepadi, chifukwa ma bot ambiri amangoyesa manambala odziwika. Koma `nmap -p-` imayendera onse 65535 pa nthawi yochepa, ndipo Shodan, webusayiti yofufuzira makina olumikizidwa pa intaneti, amachita kalembera wa zoterezi usana ndi usiku. Ngati Jenkins, Grafana kapena phpMyAdmin ndi wa inu nokha ndi anzanu awiri, musiyeni pa nambala yake, amvetsere pa `127.0.0.1`, ndipo muzimufikira kudzera pa SSH: `ssh -L 9090:127.0.0.1:8080 dzina@seva`. Mukatero, `localhost:9090` palaputopu panu ikutsegulirani zimene zili pa 8080 ya seva, ndipo pa firewall simutsegula port ina kupatula 22 imene inali yotsegula kale.